Zala zitatu za Earl Scruggs ndi mkangano wa amalume anga

Amalume anga akhala pa mkangano ndi munthu wina kwa zaka zoposa 30, ndipo ndikukayika ngati munthuyo akudziwa kuti mlanduwo sunathe. Ine ndinaudziwa ndili wamng'ono, mmene ana amadziwira za akuluakulu: khutu kwa iwo, manja akunamizira kusewera. Dzina lake pakhomo pathu silinkatchulidwa. Ankangoti "uja wa banjo", amayi n'kutsokomola, nkhani n'kusanduka ya mvula.

Zoti gwero lake linali kaseti imodzi ndinazidziwa mochedwa.

## Kaseti yofufutika dzina

Lero amalume ndi telala. Amakhala pakhonde la sitolo ina ku Luchenza ndi makina awo opondaponda, tepi m'khosi, choko kuseri kwa khutu. Koma m'zaka za m'ma 1980 anali mwini gulu loimba. Anali anayi: banjo ziwiri, babatoni, ndi ng'oma ya tizitsekerero ta mabotolo pamwamba. Zonse zopanga okha. Chigubu cha oyilo, kathabwa, mawaya a buleki ya njinga, basi banjo yatheka. Amene munakulira ku Thyolo ndi ku Mulanje nthawi ya malemu Alan Namoko mukudziwa kuti gulu lotere silinali lachilendo. Amalume ankaimba m'maukwati, ndiponso m'malo omwera mowa pafupi ndi minda ya tiyi, mwezi ukatha anthu atalandira.

Kasetiyo inabwera ndi mphunzitsi wina wa ku America amene ankaphunzitsa pa sekondale chakufupi. Ankasoketsa malaya a chitenje kwa bwana amene ankaphunzitsa amalume utelala. Ataona banjo ya chigubu itatsamira khoma anaseka, n'kuigwiragwira, ndipo tsiku lobwerera kwawo anasiya kaseti. Zolembedwa pamwamba pake zinali za bolopeni, ndipo denga lodontha linazifufuta dzinja lomwelo.

Za nyimbo za country sindikuuzani, mukuzidziwa. Tonse tinakula ndi Jim Reeves m'mawa, Don Williams m'basi, Dolly Parton ndi Kenny Rogers pa wailesi ya MBC. Koma za m'kasetimo sizinali zoziziritsa mtima ngati zimenezo. Munalibe ng'oma. Munali liwiro lokhalokha, banjo ikugwa ngati matalala pa malata, vayolini ili pambuyo pake, ndi amuna oimba ndi mawu okwera ngati akuitana munthu tsidya lina la mtsinje.

Amalume atamvetsera anagamula: apa pali banjo ziwiri. Wina akumenya zam'munsi, mnzake akulowetsa zake m'mipata. Ndipo musawaseke. Khutu lawo linakulira pa mangolongondo, pomwe anthu awiri amakhala moyang'anizana, aliyense n'kumagunda pamene mnzake wasiya mpata, womvera patali n'kumayesa ndi munthu mmodzi wokhwima. Kwa munthu woleredwa choncho, liwiro lija linkatanthauza chinthu chimodzi basi.

Mnyamata wa banjo yachiwiri, wamng'ono kwa iwo ndi zaka pafupifupi khumi, anakana. Anati ndi munthu mmodzi. Amalume anamufunsa ngati munthuyo ali ndi manja anayi. Kwa miyezi yambiri ankamukhazika pansi madzulo aliwonse, kubweza kaseti ndi bolopeni posunga mabatire, kumuphunzitsa "mbali yake" ya nyimbo imene mnyamatayo ankalumbira kuti ilibe mbali ziwiri. Ndipo anaitha ndithu awiriwo, mwa njira yawoyawo. Amayi amati akaiyamba anthu ankasiya zipanda pansi n'kuimirira.

Kenako kunabwera nkhani ya ndalama, monga mwa masiku onse. Pa ukwati wina mu 1988 anthu anafupa kwambiri. Amalume anatenga theka, ponena kuti zida ndi zawo, dzina ndi lawo, wopeza maukwati ndi iwo. Sabata yotsatira mnyamatayo sanabwere. Wa babatoni anamutsatira. Anakayambitsa gulu lawo ku Limbe, nyimbo zake zomwezo, ndipo patapita zaka tinamva kuti analowera ku Joni. Amalume anapachika banjo kudenga n'kukhala pa makina.

Ndinakula ndi chigamulo changa mumtima: amalume anapha gulu lawo chifukwa cha umbombo.

## Tsiku la pakhonde

Khirisimasi ya 2022 ndinapita kumudzi ndi foni yatsopano komanso bandulo yokwanira. Madzulo ena ndinapeza amalume akupukuta wailesi yawo yakale ya kaseti. Ndinawapempha andiyikire kaseti yotchuka ija. Inalira mokoka pang'ono, koma inalira. Ndinayandikiza foni n'kutsegula kapulogalamu kaja komwe kamamvera nyimbo n'kukuuza dzina lake. Sindinkayembekeza kanthu. Mwadzidzidzi dzina linatulukira: Lester Flatt ndi Earl Scruggs, "Foggy Mountain Breakdown", yojambulidwa mu Disembala 1949.

"Mayina angati?" anafunsa amalume.

"Awiri."

"Waona? Ndinkanena ine."

Ndinalowa pa YouTube. Kuli makanema akale a gulu limeneli, aja opanda mitundu, ojambulidwa pa TV ku Nashville: amuna a zipewa ndi mataye ataunjikana pa maikolofoni. Ndinawapatsira foni. Anavala magalasi awo osokera, aja omanga ndi ulusi mbali imodzi, n'kuiyandikiza kumaso.

Anayamba kuwerenga anthu ndi chala. Wa gitala. Wa vayolini. Wa chibesi chachikulu choimirira. Wina wogoneka gitala chagada. Wa banjo.

"Wa banjo winayo ali kuti?"

"Palibe, amalume. Flatt ndi wa gitalayu."

"Ali kuseri. Kamera sikumuonetsa."

Ndiye kamera inayandikira dzanja lamanja la Scruggs, ine n'kuchepetsa liwiro la kanema kufika theka. Zala ziwiri zakumapeto zinali zitatsamira pachikopa cha banjo, osasuntha. Zitatu zinazo, chamanthu, chamkombaphala ndi chapakati, zitavala tizikhadabo, zinkalandizana: ichi, icho, chija, ichi, icho, chija, ngati amayi atatu pa mtondo umodzi. Banjo yake inali ya nsambo zisanu, ndipo yachisanu inali yaifupi, yothera pakati pa khosi. Chala chamanthu chinkabwerera pa kansambo kameneka kawirikawiri, iko n'kumalira liwu limodzimodzi lokwera, uku nyimbo yeniyeni ikuyenda pansi pake. "Munthu wachiwiri" wa amalume anali chala chamanthu ndi kansambo kakafupi. Banjo zawo zinali za nsambo zinayi, zomenya ndi kachidutswa ka pulasitiki. Akanazidziwira kuti?

Mwini dzanjalo nkhope ili phee, ngati munthu wodikira basi.

Anaonera kanayi. Kachisanu anandibwezera foni, navula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi kansanza. Anawapukuta nthawi yaitali. Ndinkamva achule kudambo.

"Ndiye kuti mwana uja ankanena zoona."

Mawu otere mwana sayankha. Anatola thalauza la munthu lomwe linali pampando n'kuyamba kumasula mpendero, kunja kutada kale. Kenako, osandiyang'ana: "Ameneyu anaphunzira kwa yani? Bwana wake anali ndani?"

Funso limeneli linandidyera mabandulo mpaka Pasaka.

## Bwana wake

Kuphunzira, Scruggs anaphunzira kwawo ku North Carolina, komwe kunali kale anthu angapo oimba ndi zala zitatu. Iye ankasimba kuti njira yakeyo inamubwerera ali ndi zaka 10, atakhala yekha m'chipinda atakangana ndi mchimwene wake. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ankagwira ntchito pa fakitale ya ulusi ku Shelby. Koma bwana anali naye, ndipo dzina lake ndi Bill Monroe.

Monroe anabadwa mu 1911 pafupi ndi kamudzi ka Rosine ku Kentucky, chitsiriza m'banja la ana 8. Azichimwene ake anali atatenga kale vayolini ndi gitala, iye n'kumusiyira mandolini, kachida kakang'ono komwe panalibe ankakafuna. Makolo atamwalira anakakhala ndi Pendleton Vandiver, woimba vayolini m'magule, mlongo wa mayi ake. Nditafika apa ndinaseka ndekha: ngakhale ku Kentucky mwana wamasiye amathera kwa amalume.

Anayamba kutchuka ndi mchimwene wake Charlie, akutchedwa Monroe Brothers. Anajambula nyimbo 60 pakati pa 1936 ndi 1938, kenako anayambana n'kupatukana. Bill anasonkhanitsa gulu lake nalitcha Blue Grass Boys, potengera dzina lomwe anthu amatchulira Kentucky chifukwa cha udzu wakumeneko. Mu Okutobala 1939 analowa mu Grand Ole Opry, pulogalamu ya Loweruka usiku pa wailesi ya WSM ku Nashville, yomwe inkamveka kutali kwambiri. Kulowa mmenemo kunali kupeza dimba. Umaimba pa wailesi Loweruka, sabata yonse n'kumazungulira matauni momwe dzina lako lamveka, koma Loweruka lotsatira uyenera kukhala utabwerera ku Nashville, zivute zitani.

Mu 1945 Lester Flatt, nayenso wochokera m'mafakitale a nsalu, analowa ngati woimba gitala ndi wotsogolera mawu. Mu Disembala chaka chomwecho kunabwera Scruggs, wa zaka 21. Kufikira nthawi imeneyo wa banjo m'magulu otere kawirikawiri ankakhala wanthabwala, wovala zoseketsa. Uyu sankaseketsa munthu. Ankangoima n'kuimba, anthu m'holo ya Ryman, momwe Opry inkachitikira, n'kumakuwa. Pamodzi ndi Chubby Wise pa vayolini ndi Howard Watts pa besi, anthu asanu amenewa anajambula nyimbo 28 ku kampani ya Columbia mu 1946 ndi 1947. Mukamva mawu akuti bluegrass lero, muyezo wake ndi nyimbo zimenezo: zida zisanu zopanda magetsi, aliyense kupatsidwa mpata wake woonetsa luso n'kubwerera m'mbuyo, ndi mawu okwera a munthu wopukwa kwawo.

Gulu limene linabala mtundu wonsewu wa nyimbo linakhala limodzi zaka ziwiri ndi miyezi yowerengeka basi.

Ulendo unali wosatha. Kugona kwake kunali kwa m'galimoto uli tsonga, masiku angapo nsapato zili kuphazi. Malipiro anali a pa sabata, osasintha kaya holo yadzaza kaya ayi. Ndipo osunga ndalama za pakhomo nthawi zambiri ankakhala anyamata omwewo. Munthu amene amawerenga ndalama za bwana usiku uliwonse sachedwa kuphunzira masamu. Kumayambiriro kwa 1948 Scruggs anatsanzika, akuti akubwerera kwawo kukasamala mayi ake. Posakhalitsa Flatt anachoka, Watts nayenso. Pasanapite nthawi anamveka pa wailesi ina ali limodzi, dzina lawo Foggy Mountain Boys.

Wa banjo wapita, wa besi wamutsatira. Ndinaika foni pansi kaye.

Monroe ndi Flatt anatha zaka 23 osalankhulana.

## Ufa

Luso linalipo, koma chimene chinakweza Flatt ndi Scruggs ndi ufa. Mu 1953 kampani ya ufa wa tirigu ya Martha White inawalemba kuti aziimba pa WSM mbandakucha, alimi akudzuka, uku akutsatsa ufawo ndi kanyimbo kake. Kenako inawaika pa TV m'mizinda ingapo, ndipo makanema awo ambiri amene ali pa intaneti lero ndi ochokera m'mapulogalamu amenewo. Monroe anayesetsa kuwatsekera khomo la Opry, koma mwini ufa ndi amene ankalipira nthawi ya pa wailesi, ndipo mu 1955 analowa. Ankadutsana ndi bwana wawo wakale kuseri kwa nsanja ngati anthu osadziwana.

Analinso ndi munthu amene Monroe analibe: Louise, mkazi wa Scruggs, amene anatenga ntchito yopezera gululo malo oimbira ndi kusunga mabuku, nthawi imene ntchito yotere ku Nashville inali ya amuna. Iye anaona kuti ophunzira a m'makoleji ayamba kukonda nyimbo zakumudzi, n'kulowetsa gululo kumeneko. Mu Disembala 1962 anaimba ku Carnegie Hall, holo yotchuka ya ku New York. Nyimbo yawo yotsegulira sewero la pa TV la The Beverly Hillbillies inafika pa nambala 1 mwa nyimbo za country. Mu 1967 nyimbo ija ya m'kaseti ya amalume inalowa mu filimu ya Bonnie and Clyde n'kumveka dziko lonse.

Anyamata ake akukwera choncho, Monroe zinkamuvuta. Elvis Presley anatenga nyimbo yake yodekha, "Blue Moon of Kentucky", n'kuithamangitsa pa chimbale chake choyamba mu 1954. Ndalama za wolemba nyimbo zinamuthandiza mkuluyu, koma achinyamata anali atatembenukira ku rock and roll. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ankalephera kusunga gulu lokhazikika, nthawi zina n'kumatola oimba m'tauni yomwe wafika.

Ndipo omupsetsa mtima sanali awiri okhawa. Abale awiri a m'mapiri a Virginia, Carter ndi Ralph Stanley, anayamba kuimba motsanzira kaimbidwe kake, Ralph ataphunzira zala zitatu. Columbia itawalemba, Monroe anachokako n'kupita ku Decca. Kwa iye kumeneku kunali kuba. Ine ndikuona kuti apa mkuluyu anaphonya. Popanda "akuba" amenewa, kaimbidweko kakanakhala ka gulu limodzi, n'kuikidwa m'manda ndi mwini wake. Ena amasimba kuti ngakhale dzina loti bluegrass linafala chifukwa cha udaniwu: anthu popempha Flatt ndi Scruggs nyimbo zakale ankaopa kutchula Monroe, ndiye ankangoti awaimbire "za Blue Grass zija". Chimodzimodzi "uja wa banjo" wa pakhomo pathu.

## Nawonso anapatukana

Mu 1969 Flatt ndi Scruggs anasiyana. Ana a Scruggs anali atakula, akumvera Bob Dylan ndi magulu a magitala a magetsi, ndipo bambo awo ankafuna kulawa zimenezo. Flatt sankafuna kuimba mawu omwe sanali a mtima wake. Dzina la Foggy Mountain Boys linagona pomwepo. Flatt anatenga oimba ambiri n'kupanga Nashville Grass, Scruggs n'kupanga Earl Scruggs Revue ndi ana ake, ng'oma ndi magetsi zilimo. Tsopano Flatt, amene anathawa bwana wosafuna zosintha, ndiye anali mlonda wa zakale.

Ukamawerenga mbiri ya magulu amenewa motsatizana umatopa nako kupatukana. Tengani a Carter Family, amene anajambulidwa koyamba ku Bristol mu 1927, sabata imodzi ndi Jimmie Rodgers, pomwe ambiri amati ndi pamene malonda a nyimbo za country anayambira kuyenda. Ukwati wa A.P. ndi Sara unatha mu 1936, koma anapitiriza kuima pa maikolofoni imodzi mpaka 1943, poti ntchito ndi ntchito. Carter Stanley anamwalira mu 1966 ali ndi zaka 41, mowa utamuwonongera chiwindi, ndipo Ralph anayendetsa Clinch Mountain Boys zaka zina pafupifupi 50, akulera anyamata monga Ricky Skaggs ndi Keith Whitley, amene nawonso anachoka n'kukatchuka mu country. Amene ananditsitsimutsako ndi a Seldom Scene a kufupi ndi Washington, omwe poyamba mu 1971 anagwirizana zosasiya ntchito zawo: wina dokotala wa opaleshoni, wina katswiri wa masamu, wina wojambula mapu. Ankaimba usiku umodzi pa sabata. Funso loti "tigawana bwanji" silipweteka kwambiri ngati aliyense mwezi ukatha amalandira kwina.

Mwa Monroe yekha munadutsa oimba oposa 150: Jimmy Martin, Don Reno, Sonny Osborne, Del McCoury, Peter Rowan, ndi ena oti sindingawamalize. Ndinayamba kuliona gulu lakelo ngati khonde la telala. Umabwera usakudziwa kugwira sizasi, bwana amakukalipira, amakupatsa ya sopo yokha, ndipo ukadziwa kudula umagula makina ako n'kukakhala khonde la tsidya lina la msewu. Bwana amatukwana. Koma pakatha zaka tauni yonse imavala zodulidwa mwa njira yake.

## Pasaka

Ndinabwerera ku Luchenza nditanyamula zonsezi m'mutu ngati mwana wokalemba mayeso. Amalume anali ndi mulu wa mayunifolomu a kwaya. Ndinakhala pa benchi ya makasitomala n'kuyamba.

Ndinayambira pa banjo yeniyeniyo: kuti inafika ku America ndi anthu akuda ogwidwa ukapolo kumadzulo kwa Africa, ndipo kwa a Jola a ku Gambia ndi Senegal kuli chida chotchedwa akonting chomwe nachonso chili ndi kansambo kakafupi ka chala chamanthu. Ndinawauzanso kuti Monroe ali mnyamata ankaimba m'magule ndi Arnold Shultz, munthu wakuda woimba gitala ndi vayolini, ndipo ankamutchula ngati mmodzi mwa amene anamuumba.

"Ndiye kansambo kaja n'kathu?"

"Ku Gambia n'kutali, amalume."

"Bola."

Nditafika pa 1948 ndinkadikira kuti aone okha nkhope yawo mwa Monroe n'kuchita manyazi. Ayi ndithu. Anakhala mbali yake.

"Galimoto inali ya ndani?"

"Ya Monroe."

"Dzina?"

"Lake."

"Wolowa pa wailesi poyamba?"

"Iye."

"Nanga iwe ukufuna agawane mofanana bwanji?"

Ndinati koma anyamatawo ankagona m'galimoto. Anandifunsa ngati Monroe ankagona kumwamba. Ndinasowa chonena. Kenako anandiwerengera zomwe sindinaziganizepo: wogula mawaya akaduka ndi mwini gulu, wopepesa kwa eni ukwati wa ng'oma akaledzera ndi mwini gulu, wobweza chikole mvula ikasokoneza ndi mwini gulu. Tsiku loti anthu afupa bwino limabwera kamodzi, ndipo ndi tsiku lokhalo lomwe anyamata amaliwerenga. Chigamulo changa cha umbombo chija chinayamba kugwedera. Sindikunena kuti theka linali loyenera. Koma kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti phokoso lokoma lija, la ku Nashville ngakhale la ku Luchenza, kuseri kwake kuli munthu wosagona akuwerenga makobidi.

Ndinapitiriza. Mu 1965, ku Fincastle ku Virginia, Carlton Haney anakonza chikondwerero choyamba cha bluegrass cha masiku angapo, ndipo anakweza pansanja anthu amene anadutsa mu Blue Grass Boys, mmodzimmodzi, kuti aimbenso ndi bwana wawo wakale. Kuyambira nthawi imeneyo anthu ankamulemekeza Monroe ngati tate wa nyimbozi, ndipo mtima wake unayamba kufewa. Mu 1971, ku Bean Blossom ku Indiana, pa bwalo lake lomwe, Flatt anabwera kudzaimba, awiriwo anagwirana chanza n'kuimbira limodzi. Ndipo mu 1979, Flatt ali m'chipatala ku Nashville, Scruggs anapita kukamuzonda patatha zaka khumi. Anakambirana zodzaimbanso limodzi. Flatt anamwalira mu Meyi chaka chomwecho.

"Ku Indiana kuja, anayamba kupereka dzanja ndani?"

"Wamkulu, amalume. Monroe."

Makina anaima. Anadula ulusi ndi mano, n'kuulavula.

"Iye zinali zosavuta. Yake inali nkhani ya ndalama." Anatembenuza kolala, n'kuiyala ndi chikhatho. "Ndalama zija ngakhale lero ndikhoza kutenganso theka. Koma pa ukwati uja, titamaliza nyimbo ya m'kaseti, ndinauza anthu onse kuti mwana uyu manja ali nawo koma ndi gonthi, amati nyimbo imeneyi kwawo amaimba munthu mmodzi. Anthu anaseka. Mtsikana amene ankamufunsira anali pomwepo."

Zimenezi amayi sanandiuzepo. Mwina nawonso sankazidziwa.

## Kansambo kachisanu

Nditapitanso mu Julaye, banjo inali itatsika kudenga. Chigubu chinali chitachita dzimbiri, ndiye anachisintha. Pakati pa khosi anaboola kabowo ndi msomali wamoto, n'kulowetsa kachikhomo, n'kumanga waya wachisanu. Tizikhadabo anadula pa chitini cha nsomba, n'kutipinda ndi pulayala mozungulira zala. Zalazo ndi za munthu wa zaka 70 amene wagwira sizasi moyo wake wonse, ndipo m'mawa kukazizira sizipindika. Liwiro palibe. Amangoti ichi, icho, chija, pang'onopang'ono, n'kuima, n'kuyambiranso. Ana a pasitolo amawaseka. Koma ukatseka maso umamva ndithu anthu awiri.

Ndikutsanzika, anandiperekeza mpaka pa siteji, zomwe sachita. Minibasi ikudzaza anati, maso ali kwa kondakitala: "Mlongo wake amakhala ku Bangwe, kufupi ndi msika. Ukafunse ngati ali ndi nambala. Usakanene kuti ndakutuma ndine."

Nambalayo ndinaipeza. Ndinailemba kuseri kwa lisiti, ndipo ili m'kadirowa ka makina, pamodzi ndi singano, choko ndi kaseti ija. Anandifunsa kuti kuimba ku Joni ndi ndalama zingati pa mphindi. Ndinawasiyira foni yanga yakale, n'kuwaonetsa pokanikiza pa WhatsApp, n'kuwagulira bandulo ya mwezi wathunthu.

Yoyamba inatha asanaimbe. Dzulo ndawatumizira yachiwiri.